Munga wa Mlamba

A Positi anandiimbira foni Lachinayi masana, ndili mkati moluka tsitsi la kasitomala. Ndinaipanikiza foniyo ndi phewa, zala zili m'mutu mwa munthu.

"Mwananga, Loweruka lino uwaperekeze abambo ako ku damu. Ine bondo landigwira."

A Positi ndi mnzawo wa Bambo wa kalekale. Dzinalo analitenga ku positi ofesi kumene anagwira ntchito mpaka kupuma. Kwa zaka zoposa makumi awiri, Loweruka lililonse awiriwa amapita kukawedza pa damu la kuseri kwa nyumba yakale ya mapampu, kumene Bambo ankakonza makina a madzi. Sawedza kuti agulitse. Amabwerako ndi nsomba zinayi, nkhani zodzaza thumba.

"Loweruka ndiye tsiku la anthu pa saluni pano," ndinatero. "Sangapite okha? Njira akuidziwa kuposa ine."

Ndinkamva wailesi yawo ikulira chapatali.

"Ingopita nawo. Ukawaone. Tidzakamba ukabwerako."

Mawu akuti ukawaone sanandichoke m'mutu. Lachisanu lonse ndinkangokhotetsa mizere, mpaka mayi wina anandifunsa ngati ndikudwala.

Loweruka m'mawa ndinasiya saluni m'manja mwa mnzanga n'kupita kwa makolo anga. Bambo ndinawapeza pageti atavala kale chipewa chawo, nsungwi ziwiri zowedzera zili paphewa, chitini cha nyongolotsi chili m'manja. Ankaoneka athanzi ndithu. Mayi anatuluka ndi fulasiki ya tiyi.

"Mukwere galimoto yakoyo," anatero, osandiyang'ana kumaso. "Abambo ako maso akuwavuta masiku ano."

"Maso anga alibe vuto," anatero Bambo. "Makiyi ndi amene amera miyendo m'nyumba muno."

Tinafika ku damu dzuwa lisanayambe kuwawa. Tinakhala pa khoma la simenti pafupi ndi chipaipi chadzimbiri chimene chimalowa m'madzi, bango lili kumanzere kwathu. Bambo anamanga mbedza osayang'ana n'komwe, zala zikungodziyendera. Anabaya nyongolotsi, n'kuponya chingwe pamalire penipeni pa bango. Ine ndinkawaba ndi diso, osadziwa chimene ndikufunafuna.

Sipanapite nthawi, anavuula kansomba kofika pachikhatho. Anakagoneka padzanja n'kutambasula chipsepse cha kumimba ndi chikhadabo.

"Werenga minga iyi."

"Inayi."

"Ndiye makumba amenewo. Ikanakhala itatu, pachifuwa pali pofiira, tikanati chilunguni. Ndinakuphunzitsa uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi, koma mutu wakowo unadzaza ndi tsitsi la mesh."

Ndinaseka, mtima n'kutsika. Mumtima ndinati a Positi akalamba, ayamba kuona zinthu zomwe palibe. Tinamwa tiyi. Ine ndinagwira matemba awiri, Bambo n'kundiuza kuti ndiwabwezere m'madzi akaitane makolo awo.

Cha m'ma teni koloko nsungwi yawo inapindika mpaka nsonga kukhudza madzi. Anaimirira, nakoka pang'onopang'ono, kulekerera, kukokanso, monga ndakhala ndikuwaonera moyo wanga wonse. Chinsombacho chitafika pakhoma ndinachikola ndi kaukonde. Unali mlamba wautali ngati mkono wanga, wakuda bii, ukuphiriphitha pa simenti.

Bambo anauyang'ana nthawi yaitali.

"Ichi n'chiyani?"

Ndinayesa ndi mayeso ena. "Mlamba, Bambo. Amenewa ndiye simungandigwire nawo."

"Mlamba," anabwereza, ngati akulawa mawuwo. Anawerama. "Nsomba yanji yopanda mamba? Taona, ili ndi ndevu. Kodi imeneyi imadyedwa?"

Ndinadikira kuti aseke. Sanaseke. Nkhope yawo inali ya munthu amene wapeza chinthu chachilendo pakhomo pake.

Ndisananene kanthu, anaugwira ndi dzanja lonse kuseri kwa mutu, pamene pali munga wolimba uja. Ndi iwowo amene anandiphunzitsa kuti mlamba sagwira pamenepo. Nsombayo inadzipotokola kamodzi, munga n'kulowa pakati pa chala chachikulu ndi cholozera. Anaitaya, magazi akutsikira m'kamkono.

Ndinatsuka balalo ndi madzi akumwa a m'botolo, n'kulimanga ndi duku langa.

"Amayi ako usawauze," anatero.

"Za dzanja?"

Ankayang'ana madzi.

M'galimoto anandifunsa kuti a Positi alekeranji kubwera. Ndinati bondo. Tisanafike pa mphambano ya ku msika anafunsanso, ndi mawu omwewo. Ndinayankhanso chimodzimodzi, ndikugwira chiwongolero mpaka zala kuwawa.

Mayi ataona duku padzanja lawo sanafunse zambiri. Analimasula, n'kupaka mankhwala, n'kumanga bandeji. Kenako anatenga mlamba uja kupita nawo kukhitchini. Ndinawathandiza kuutumbula ndi kuuchotsa ulenda ndi mchere. Anaudula mapisi, naukazinga, nauthira mu supu ya tomato ndi anyezi. Kawiri konse ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe, kawiri konse Mayi anandituma, koyamba mpunga, kachiwiri mbale.

Tinakhala patebulo tonse atatu. Bambo ankadya ndi dzanja lamanzere, mokondwa, akusankha pisi ya kumchira imene amaikonda. Ine chakudya chinkangozungulira m'kamwa.

"Nsomba yokoma iyi," anatero. "Mwagula kuti, mayi?"

"Wabweretsa mwanayu," anayankha Mayi msangamsanga, akuwaonjezera supu.

Ndinaika supuni pansi. Bambo anandithokoza ndi mutu. Kenako maso awo anagwera pa bandeji. Anatembenuza dzanjalo uku ndi uku, n'kulibisa pansi pa tebulo, n'kupitiriza kudya.

Atapita kukagona pang'ono masanawo, ndinawatsatira Mayi kukhitchini n'kutseka chitseko.

"Zinayamba liti?"

"Chiyani?"

"Mayi, nsomba tadyayi agwira ndi iwo. Ola lomwelo sanaidziwe dzina. Pano sakukumbuka kuti tinapita ku damu."

Anapitiriza kutsuka poto amene anali atayera kale. Kenako anatseka mpopi n'kukhala pa kampando ka pakona.

"Chaka chatha," anatero. "Poyamba anali mawu chabe. Ketulo ankati chijachi, lumo chijachi. Ndinati ukalamba, nanga ine sindiiwala? Tsiku lina ndinabwera kutchalitchi n'kupeza madzi adzaza m'bafa mpaka pakhonde. Abambo ako, munthu amene ankatikalipira mpopi ukangodontha. Mwezi wathawu anadzuka n'kuvala ovolosi yakale ija, ati achedwa kuntchito."

"Makiyi a galimoto?"

Analoza chitini cha mpunga. "Ndinawabisa pansi penipeni."

"Nanga osandiuza bwanji? Ndimabwera kuno sabata iliyonse."

"Umabwera ola limodzi, iwo amalimbikira ola limenelo. Ukachoka amagona ngati anyamula matumba." Anapukuta manja pa epuloni. "Ndimaopa. Anthu akadziwa ayamba kuwalankhula mokweza ngati ogontha, kuwaseka kumbali. Ena azinena kuti apenga. Munthu amene tauni yonse inkamudzutsa madzi akasiya."

Ndinafuna kukalipa, koma ndinaona mmene Mayi aondera. Malaya amene ndinawagulira chaka chatha ankangolendewera m'mapewa. Sindinazione chifukwa sindinkayang'ana.

Ndinatuluka panja n'kuwaimbira a Positi. Anandiuza kuti masabata atatu apitawo iwo anapatuka pang'ono kuseri kwa bango, pobwera anapeza nsungwi zokha, Bambo palibe. Anawafuna ola lathunthu, akuyang'ana ndi m'madzi momwe. Anakawapeza pa geti ya nyumba ya mapampu, akugogoda kuti awatsegulire, pamalo potsekedwa zaka khumi.

"Amayi ako anandipempha kuti ndisanene," anatero. "Ndiye sindinanene. Waona wekha."

Lamlungu dzanja linatupa mpaka mphete kuthina. Zinandipatsa ponamizira. Lolemba m'mawa ndinawauza kuti tipite kuchipatala akaone balalo, ndipo sanakane. Mayi anati atsala, akuti nyumba isakhale yokha.

Tinakhala pa benchi yaitali m'khonde la chipatala, tikusendera pang'onopang'ono. Ine ndinkakonza mawu mumtima. Ndikawauza bwanji adokotala, mwini wake ali pomwepo? Ndipemphe kulowa ndekha kaye? Bambo akakwiya n'kutuluka, ndiwagwira? Kutsogolo kwathu kunatsala anthu atatu, kenako awiri. Thukuta linkandiyenderera kumsana.

"Ukupuma ngati wathamanga," anatero Bambo.

"Kwatentha."

"Sikunatenthe." Anayang'ana khoma la kutsogolo, pamene panali chithunzi chophunzitsa kusamba m'manja. "Ndikudziwa kuti sitinabwerere dzanja lokha."

Ndinawatembenukira.

"Amayi ako amayesa sindidziwa. Ndimawasiya, chifukwa akadziwa kuti ndikudziwa adzalira. Chinthu ndimachiona, ndimadziwa kuti ndimachidziwa, koma dzina lake osabwera. Nthawi zina limabwera madzulo, ntchito yake itatha. Masiku ena ndimadzidzimuka ndili pamalo, osadziwa kuti ndafikapo bwanji." Anandiyang'ana. "Ukalowa unene zonse. Ine ndikhoza kusiya zina."

Adokotala anali mayi wodekha wa imvi zapatalipatali. Anayamba ndi bala, n'kulemba jakisoni ndi mapiritsi. Kenako ndinanena zonse, kuyambira ketulo mpaka mlamba, Bambo atazolika. Adokotala anatembenuza mpando n'kulankhula ndi iwo, osati ndi ine. Anawafunsa tsiku, mwezi, ndi chimene adya m'mawa. Anawatchulira zinthu zitatu kuti azisunge, n'kuwapempha ajambule wotchi papepala. Manambala anaunjikana mbali imodzi. Pa zinthu zitatu zija anakumbuka chimodzi.

"Sindinena dzina la matenda lero," anatero adokotala. "Tiyeze magazi kaye, tijambulenso m'mutu. Pali zina zoyambitsa kuiwala zimene zimachizika. Zikakhala zinazo, mankhwala amangochedwetsa. Pakali pano galimoto ayi, ndipo kumadzi asapite okha."

"Koma ndizipita?" anafunsa Bambo. Linali funso lawo loyamba.

"Muzipita ndithu. Ndi munthu pambali."

Tinatuluka ndi kapepala kotiuza kubweranso patapita masabata atatu. Bambo anakapinda kanayi, nakalowetsa m'thumba la malaya, nakatulutsanso.

"Sunga iweyo," anatero.

Ndinakaika m'chikwama, m'kathumba ka zipi. Masabata atatu ankaoneka kutalika, komabe mbali ina ya mtima wanga sinkafuna kuti athe.

Titakhota kulowa mumsewu wa kwathu tinawaona Mayi ataima pageti, dzuwa likuwaomba, atagwira chitsulo ndi manja onse. Bambo anandiuza kuti ndiime chapatali pang'ono.

"Ndikawauza ndekha," anatero. "Iwe ukatenthetse madzi a tiyi, usafulumire."

Anatsika, n'kuyenda kupita kwa akazi awo, dzanja labandeji atalinyamula pachifuwa. Ine ndinadzera khomo la kuseri. Ndili kukhitchini ndinamva mawu a Bambo pabalaza, otsika, akuima n'kuyambanso. Madzi anawira, ndinazimitsa, ndinadikira. Patapita nthawi Mayi anandiitana kuti ndibwere ndi makapu atatu, tikambirane za amene azigona kuno mkati mwa sabata.