Chiwongolero Chalimba

Thirakitala ija inabwera pakhomo mwana wamkazi wa makaniko asanabadwe. Tsopano ndi iyeyo amene ankaiyendetsa, nayenso ali ndi imvi zake, popeza maso a bambo ake anali atachita nkhungu. Mitambo itayamba kuda, chiwongolero chinalimba, ndipo m'mawa uliwonse pansi pa injini pankapezeka chithaphwi cha oyilo.

Anayamba ndi paipi yochokera ku pampu ya chiwongolero. Mayiyo anagona chagada pa katoni mushedi, bambo ake atakhala pa chitini pambali, akumupatsira masipanala omwe ankawazindikira pongowakhudza.

"Pukuta paliponse pawume, kenako ulize injini," anatero mkuluyo. "Oyilo ndi wabodza. Amadonthera kuno, koma kwawo kuli kwina."

Paipi anaisintha, kudontha kunasamukira pa nati. Nati atailimbitsa, oyilo anatulukira pa kalabala ka mkono wokankha matayala. Kalabala kotero m'masitolo munalibe. Wogulitsa zitsulo anangoseka, nati, "Amayi, zimenezi anasiya kupanga ine ndikukwawa." Mayiyo anasema kena kuchokera ku kalabala kokulirapo, ndipo kanagwira tsiku limodzi lokha.

"Bambo, msana wanga watha," anatero mayiyo madzulo ake, oyilo akumuyenderera m'khosi. "Tikutseka pano, pakutseguka apo. Mpaka liti?"

Mkuluyo anagwada movutikira, nalowetsa dzanja kuseri kwa pampu, n'kumapapasa pang'onopang'ono. Chikhadabo chake chinakodwa penapake. Anachiyendetsa kawiri, kenako anakhala pansi pomwepo pa dothi.

"Pampu yang'aluka," anatero. "Chitsulo chenichenicho. Labala uja timangomunamizira."

"Sitingawotcherere?"

"Chitsulo cha mtundu uwu chikaona moto chimang'aluka kwina. Ndinayesapo kwa anthu, sizinathandize."

Kunja mphepo inali itayamba kununkhira mvula, munda uli chikhalire.

Mawa lake anachotsa lamba wa pampu, nakhuthulira oyilo wotsala m'chigubu. Thirakitala inkayendabe, koma kukhota kunali kwa mphamvu ya manja basi. Pothera pa mzere uliwonse mayiyo ankaimirira, n'kukoka chiwongolero ndi thupi lonse mano ali gwa. Mizere inatuluka yokhotakhota, ndipo ngodya za munda zinatsala zosalima.

Mayiyo atabwerera, manja anali atatheratu mphamvu moti kapu ya madzi inamupulumuka. Bambo ake anaifufuza pansi ndi phazi, naitola, natunga madzi ena n'kumugwirira pakamwa.

"Ndinakuphunzitsa ntchito yolakwika, mwana wanga," anatero.

"Ndamva, bambo. Tapendeketsani kapuyo, madzi sakundifika."

Mvula inagwa m'bandakucha. Ngodya zija anakazilima ndi khasu, mayiyo patsogolo, bambo ake akutsatira phokoso la khasulo n'kumaponya mbewu.