Nsanza Zofiira za Fyness

Fyness anamva kulira kwa chikwanje asanafike n'komwe pachitunda. Anaponya pansi dengu la chinangwa n'kuthamanga.

Munda wa malemu bambo ake, kumtunda kwa Chikale, unali mbee! Kwa zaka zitatu iye anakhala akulera mphukira zotuluka pazitsa zakale: misuku, miwanga, mbawa. Pachitsa chilichonse ankasiyapo ziwiri zamphamvu n'kuzimanga kansanza kofiira. Tsopano zonse zinali pamulu, nsanza zili pomwepo. Pambali panaima chibwenzi chake Masuzgo, dalaivala wa minibasi ya ku Mzuzu, thukuta lili kamukamu, machesi m'manja, akumwetulira.

"Waona, wokondedwa?" anatero Masuzgo. "Loweruka amalume akubwera kudzafunsira mbeta. Akwanu aone kuti mkamwini si waulesi. Tchire lonse lija ndamaliza ndekha!"

"Tchire? Iwe Masuzgo, nsanza izi sunazione?"

"Ndinaziona. Ndimayesa zithumwa, ndiye ndati ndiwotchere limodzi."

"Zithumwa! Chitenje changa cha kukwaya chimenecho, ndinang'amba ndekha!"

"Mtima pansi, amayi a kunyumba. Ndikubweretsera mbande za paini. Mitengo yeniyeni, yoima pamzere."

"Amayi a kunyumba ndani? Painiyo uzidzadya iweyo? Bowa wathu amamera pansi pa paini wako?" Fyness analoza mphukira ya msuku pamulupo. "Msuku uwu ndinkati ana athu adzatola masuku pansi pake. Ndinakuuza tili padoko, tikuonerera sitima ya Ilala ikukocheza. Iwe maso anali pafoni."

Masuzgo anakanda m'mutu. "Ndiye nditani? Ndimatenso ndi guluu?"

Fyness anamulanda machesi aja mwaukali, bokosi n'kuphwanyika m'manja mwake. Anagwada n'kukhudza chitsa cha mbawa. Pabala panali ponyowa. Chikwanje chokha sichikanapha zitsazo, koma moto ukanazimaliza.

Anaimirira, misozi ili m'masaya.

"Ukawauze amalume ako asavutike ndi ulendo Loweruka. Zitsazi ziphukanso ndi mvula ikubwerayi, bola uzitchingire mbuzi ndi moto. Mphukira zikadzafika m'chiuno mwangamu, abwere."

"M'chiuno? Fyness, ndi liti limenelo?"

"Funsa chikwanje chako."

Anatsika chitunda osacheuka, n'kuyamba kutola chinangwa chake chimene chinamwazika panjira. Atadzutsa mutu anaona Masuzgo atagwada pamulu paja, akumasula nsanza zofiira imodziimodzi n'kumaika m'thumba la malaya.