Kubwera kwa Gwape

Sukulu itatsala pang'ono kukwanitsa zaka zana, ahedi anapereka ntchito yokonza chipinda chosungiramo zakale kwa aphunzitsi a Mbiri. Sanalakwitse. Aphunzitsiwa anaphunzira pomwepo, atachoka ku koleji anabwerera pomwepo, imvi n'kuwamera ali ndi choko m'manja. Ankadziwa kuti holo inayamba ngati khola la akavalo, kuti belu loyamba linali chitsulo cha njanji, komanso chaka chimene atsikana analoledwa kulowa pageti.

Teremu yonse anaithera m'kachipinda ka kuseri kwa labu, akupukuta zikho za mpira zochita dzimbiri ndi kumata zithunzi zodyedwa ndi chiswe. Mumtima anali atatsimikiza kuti wolankhula pa chikondwerero cha zaka zanazo adzakhala iwo.

Kenako ahedi anawaitana ku ofesi.

"Mlendo wolemekezeka wapezeka," anatero ahedi. "Woyendetsa ndege uja. Akuti munali kalasi imodzi?"

"Gwape?"

"Sindikudziwa dzina limenelo. Inu mudzangomuonetsa chipinda chanu akamaliza kulankhula."

Dzina la Gwape mnzawoyo analipeza chifukwa cholumpha mpanda. Ankakhala pa desiki yakumbuyo, akuwodzera, ndipo masamu ankakopera kwa iwo. Madzulo amenewo aphunzitsi anadya pang'ono chabe, mpaka akazi awo anafunsa ngati mutu ukuwawawa.

Tsiku litafika, Gwape anatsika m'galimoto atavala jekete la mizere yagolide m'manja. Mimba analibe, dazi analibe. Ana anamuunjirira ngati nyerere pa shuga. Atakwera pansanja sanatchule chaka ngakhale chimodzi. Anangosimba za mabedi a nsikidzi, za mlonda amene ankagona chiimirire, ndi za tsiku limene anabisa chitsulo choimbira belu, sukulu yonse n'kuchedwa kulowa m'kalasi.

Holo inagwedezeka ndi kuseka. Aphunzitsi anacheuka kuti aone ngati pali wina amene wanyansidwa, koma anangoona akazi awo akupukuta misozi ya chimwemwe ndi mpango.

"Koma ndisaiwale," anatero Gwape, akuyang'anayang'ana m'khamulo. "Popanda mnzanga wina, ine ndege ndikanamangoiloza ndi chala ngati aliyense. Njenjete, uli kuti? Imirira akuone! Uyu ankadya mabuku, ife tikudya mango a ahedi."

Aphunzitsi anaimirira. Anthu anawomba m'manja, koma iwo anamva bwino dzina lija likuyenda m'mabenchi a ana, kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo.

Ku chipinda cha zakale Gwape anawakumbatira mwamphamvu, akununkhira mafuta okwera mtengo.

"Achimwene, mwagwira ntchito! Zonsezi nokha?"

"Ndi zochepa," anayankha aphunzitsi. Ankafunitsitsa kumva kunyoza m'mawu akewo kuti apeze chomudera, koma munalibe. Munthuyo ankakondweradi. Zimenezi n'zimene zinawapweteka kwambiri.

Anayamba kufotokoza za belu loyamba, koma ana amene anadzaza pakhomo ankafunsa za mitambo, ndiponso ngati ndege ili ndi hutala. Gwape anayankha aliyense. Aphunzitsi anamaliza nkhani ya belu akuuza mwana mmodzi yekha, amenenso ankangodikira mpata woti ajambulitse ndi mlendo.

Lolemba, ahedi anabweretsa chithunzi chachikulu cha Gwape, cha galasi, kuti chipachikidwe. Aphunzitsi anachikhomera kuseri kwa chitseko, malo oti ukatsegula sichioneka. Masana anachipeza chili pakati pa khoma, pamwamba pa zikho.

M'kalasi ya Fomu 3, asanalembe n'komwe mutu wa phunziro, mtsikana wina anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, pa inu ndi mlendo uja, ankakhala nambala wani ndani?"

"Ine," anayankha msangamsanga. "Mayeso onse."

Mtsikanayo anayang'ana nsapato zawo, kenako jekete lawo lotuwa m'zigongono, ndipo sanafunsenso. Panja panamveka kulira kwa ndege yodutsa kutali, ana onse n'kutembenukira kuwindo. Aphunzitsi anapita kukatseka windolo, ngakhale kunali kotentha, n'kulamula aliyense kuti atulutse pepala alembe mayeso.