Mafoni M'lichero

Nkhope ya mayi wa pa kompyuta uja inaumanso, kukamwa kuli yasa.

"Aumanso, ababa," anatero Amira.

Linali tsiku la msika ku Kamwendo, ndipo laibulale inali itadzaza. Chiikireni intaneti yaulere, kanyumba kameneka kanasanduka depoti. Akabaza ankaonera zigoli za dzulo, alimi ankafufuza ogula mtedza, amayi ankacheza ndi ana awo a ku Joni. Mabuku ankangosenza fumbi. Ife amene tinapondako ku Lusaka ndi ku Dar es Salaam tinaona malaibulale aakulu, koma yaphokoso chonchi ayi.

Amira, mwana wa a Nurdin ogulitsa zitenje, ankafunsidwa mafunso pa kanema ndi sukulu ya unamwino. Mayi wofunsayo anali atachenjeza kale kuti kanema akapitiriza kuuma, malo apatsa wina.

"Anthu achuluka pa intaneti," anatero a Kefasi, woyang'anira laibulale. "Ndawapempha, sakumva."

"Sakumva inuyo," anatero a Nurdin. "Ine ndinakhalitsapo chete basi yonse pa malire a Tunduma."

Anabwereka lichero kwa mayi wa zitumbuwa panja, nakwera pa benchi.

"Abale anga, ku mzikiti timasiya nsapato pakhomo, ndipo potuluka aliyense amapeza zake. Lero tisiye mafoni. Zimitsani, muike umu. Mwanayu akadzakhala namwino, azidzakubayani jakisoni mofatsa."

"Nanga wokana?" anafunsa Fletcher wa kabaza.

"Ameneyo adzamubaya ndi ya ng'ombe."

Anthu anaseka, lichero linadzaza. A Nurdin anaika yawo pamwamba penipeni kuti onse aione kukongola.

Kanema anayenda pang'ono, kenako anaumanso.

"Wina wabisa foni," anatero a Nurdin, akuyenda pakati pa mabenchi ngati wapolisi wa pachipata. "Ndikamugwira adziwanso."

A Kefasi anasuzumira pa kompyuta yawo. "Yatsaladi imodzi. Dzina lake ndi Bwana Chipata."

Onse anatembenukira kwa a Nurdin, amene amakapikula zitenje ku Chipata.

"Ankolo," anatero Fletcher mwaulemu wonse, "thumba lanu lakumanzerelo likuwala."

Wamalonda wa m'malire amayenda ndi mafoni awiri, ya kuno ndi ya ku Zambia. Ya ku Zambiayo inali ikukoka makanema a zitenje zatsopano chiyambire m'mawa. A Nurdin anaitulutsa msangamsanga, naizimitsa.

"Ndimakuyesani ngati muli tcheru," anatero, koma sanayang'ane mwana wawo.

Mayi uja anatseka pakamwa, nayamba kuyankhula bwinobwino. Amira anayankha funso loyamba, lachiwiri, mawu ake akunka nalimba. M'laibulale munali zii. Posowa chogwira, manja a anthu anayamba kusolola mabuku. Fletcher anapeza lokonzera njinga zamoto, ndipo anakhala pansi pomwepo.

Pomaliza Amira anatembenuka, maso ali ndi misozi.

"Akuti ndikayambe Januwale."

Mayi wa zitumbuwa anayambitsa nthungululu pakhomo, amayi onse nalandira. A Nurdin anavina mpaka chipewa kugwa, akuuza aliyense kuti nzeruzo mwanayo anatengera iwo.

Fletcher anatenga foni yake pomalizira, buku lili m'khwapa.

"A Kefasi, limeneli munthu amabwereka bwanji?"

Lero lichero limakhala pa msomali pafupi ndi chitseko, kudikira tsiku limene wina ali ndi mafunso a pa kanema. A Nurdin akabwera tsiku lotero, Fletcher amawapapasa matumba onse awiri.