Chitenje Pakati pa Thirakitala

Febby anaphunzira za injini za dizilo ku mgodi wa Kayelekera, koma chikwatiwireni ku Ngara masipanala ake ankangochita dzimbiri kunsi kwa bedi. Apongozi ake aamuna, a Zebedee, anagamula tsiku loyamba lomwe kuti mkamwana wa pakhomo pawo sagwira oyilo. Zinkamuwawa Febby, kumuwawa kwenikweni. Koma akanadandaula bwanji? Pa mwambo wa Chinkhonde mkazi sayang'anana ndi bambo a mwamuna wake, salankhula nawo, ngakhale dzina lawo salitchula. Akawaona panjira ankakhotera m'munda wa chinangwa.

Ndiye mvula itayandikira, munda wa mpunga usanalimidwe, thirakitala ya a Zebedee inayamba kuvuta. Kulira kwake kochita kunyengerera, utsi woyera kuti tolo, mphamvu ngati za nkhuku yachitopa. Gregory, mwamuna wa Febby, mphunzitsi wa masamu, anaizungulira kawiri n'kunena kuti mwina ndi matayala. Kalanga ine, sukulu!

Febby matendawo anali atawamva kale ali kukhitchini. "Tayimingi yachedwa, amayi," anauza apongozi ake aakazi, a Fainess. "Pampu ikuponya dizilo nthawi itadutsa. Kuli ngati kuthira mchere anthu atadya kale."

A Zebedee anavomera monyinyirika kuti ayese, koma anati thirakitala yawo sigwiridwa iwo palibe. Ntchitoyonso inkafuna anthu awiri: wina azizungulitsa injini ndi sipanala, wina aziyang'ana dizilo akudontha pa paipi yoyamba ya pampu, n'kukuwa akangosiya kudontha. A Fainess anamanga chingwe kuyambira pamtengo wa mango mpaka pankhokwe, nayanika zitenje ziwiri pamwamba pa thirakitala. Apongozi uku, mkamwana uko, iwo wonyamula mawu.

Dontho linasiya. "Aime!" ananong'ona Febby.

A Fainess anazungulira thirakitala yonse, anagwada monga mwa ulemu, nati, "Bambo, akuti muime." Apo n'kuti a Zebedee atazungulitsa kale theka la injini. Anayambiranso. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu a Fainess anakhala pansi ali wefuwefu.

"Ine miyendo yatha. Limani ndi makasu."

Febby mtima unagwa. Mwayi unali womwewu, ndipo unkathera m'miyendo ya apongozi. Analuma mlomo, anayang'ana chitsulo chili patsogolo pake, n'kulankhula mokweza.

"Iwe thirakitala, uwauze eni ako azungulitse pang'onopang'ono."

A Fainess anagwira pakamwa. Kenako kuseri kwa chitenje kunamveka kutsokomola.

"Thirakitala, umuuze ndamva."

Dontho, dontho, dontho... "Thirakitala, ima!"

"Thirakitala, umuuze kuti chizindikiro cha pa gudumu la injini chapitirira ndi chala chimodzi."

"Thirakitala, uwauze abwerere pachizindikiro penipeni, ndipo asapume n'komwe."

Febby anamasula manati atatu, anapotoza pampu pang'ono zedi mpaka dontho linasiya pomwepo, anamanganso, nabwezera paipi. A Zebedee atangokhudza kiyi, injini inalira kamodzi n'kamodzi, mawu osalala, utsi osaoneka. Nkhuku zinabalalika pabwalo ponse.

Anaisiya ikulira kwa kanthawi, kenako anaizimitsa. Febby anayamba kutolera masipanala kuti akawabwezere kunsi kwa bedi.

"Thirakitala," anatero mawu a kuseri aja, mosafulumira, "umuuze mwana wanga kuti zitsulo sizigona m'nyumba. Mbali ya kumpoto ya shedi yomwe umagonamo ndi yake. Ine ndizidzera kummwera."

Mwana wanga! Febby anapukuta misozi ndi manja a oyilo, nkhope yonse bii, ndipo anagwada moyang'ana tayala lalikulu.

"Thirakitala," anatero, "uwauze atate kuti ndagha, ndathokoza."