Kope la Tiwale

Lachiwiri, pa 11 Febuluwale 2025, nthawi ya buleki, Leston Chimwala anakhala pakhonde la Sitandade 3B, mulu wa makope uli pamiyendo. Mvula inali itangokata, ndipo ana a ku Mgona ankalumpha zithaphwi pabwalo. Anafika pa kope la Tiwale Kachere, mtsikana wokhala kumbuyo pafupi ndi zenera. Masamu khumi ochotsera, onse olakwa. Leston analemba ziro wamkulu ndi cholembera chofiira, najambula tsambalo ndi foni, n'kulitumiza ku gulu la pa WhatsApp la aphunzitsi a masamu. Pansi pake analemba kuti: "Onani katundu amene tikusenza kuno."

Gululo linali ndi aphunzitsi 214, a ku Kawale, Biwi, Chinsapo mpaka Area 25. Leston analowamo mu Okutobala, ndipo chilowereni anali asanafunsepo kanthu. Ankangotenga masikimu a anzake n'kukhala chete.

Tinkhope toseka tinayamba kugwa ngati matalala. Herbert, mphunzitsi wa ku Biwi, analemba kuti: "Achimwene, ameneyo ingomupatsani khasu basi."

Nthawi ili 10:42 anayankha Mayi Zipora Nkhoma, amene anayambitsa gululo ndipo anali ataphunzitsa zaka 27.

"A Chimwala, mwanayu sakulota ayi. Pa 52 kuchotsa 17 wapeza 45. Pa 43 kuchotsa 28 wapeza 25. Paliponse akuchotsa nambala yaing'ono pa yaikulu, kaya ili pamwamba kaya pansi. Lamulo lake ali nalo, ndipo sanaliphonye n'kamodzi komwe. Kungoti kubwereka sanaphunzire. Taonani makope a anzake. Komanso dzina lake likuoneka pachithunzipo."

Kuseka kunalekeka. Leston anafufuta chithunzicho, koma foni inali itamuonetsa kale kuti anthu 130 achiona.

Anatsegula makope aja limodzilimodzi. Mwa ana 91, ana 58 anali ndi 45 yemweyo. Kenako anatenga buku lake la sikimu. Pa sabata ya 20 mpaka 24 Januwale panali mawu akuti "Kuchotsera kobwereka: zaphunzitsidwa," ndi siginecha yake pambali. Sabata imeneyo ankaikumbukira bwino. Masiku atatu anathera pamzere wa petulo ndi njinga yake yamoto, imene amapangira kabaza akaweruka. Ana anawasiyira zitsanzo ziwiri pabolodi kuti akopere.

Belu litalira, Tiwale anaima patsogolo pake, manja kumbuyo.

"Sala, ndakhoza zingati?"

Leston anaphimba tsambalo ndi chikhatho.

"Kope lako ligone kuno. Sindinamalize kuchonga."

"Ndinayesetsatu, sala. Zonse ndinamaliza."

"Ndaona. Pita ukakhale."

Ataweruka anakhala yekha m'kalasimo, foni ili m'manja. Analemba kuti ana a ku Mgona amajomba mvula ikagwa. Zinali zoona, koma rejisitala inkaonetsa kuti Tiwale sanajombepo chitsegulireni teremu. Anafufuta. Analemba kuti ana 91 sangatheke ndi munthu mmodzi. Anafufutanso. Ankadziwa kuti m'gulumo muli mnzake wa ahedi awo, ndipo chimene angalembe chifika mu ofesi kusanache. 

Nthawi ili 2:15 anatumiza.

"Amayi, mwalondola. Ana 58 alakwa chimodzimodzi. Mutuwu sindinauphunzitse, koma ndinasaina kuti ndaphunzitsa. Mwana ndamunyoza uja alibe mlandu. Ndithandizeni, ndiyambire pati?"

Panapita mphindi makumi awiri. Kenako Mayi Nkhoma anatumiza kanema wa mphindi zitatu: manja awo okha patebulo, akumasula mtolo wa timitengo khumi n'kutiphatikiza ndi tiwiri totsala. Za siginecha sanatchulepo. Pansi pake Herbert analemba kuti: "Safunsa adadya phula. Amayi, anganso ndawaona makope, zinthu sizili bwino."

Lachitatu m'mawa ahedi anamuitana, ndipo Leston anatuluka mu ofesimo atanyamula kalata yomuchenjeza. Analowa m'kalasi ndi jumbo ya timitengo tomanga ndi mphira. Anaitana Tiwale kutsogolo, namupatsa mitolo isanu ndi timitengo tiwiri.

"Chotsapo 17."

Mtsikanayo anayang'ana tiwiri tija kwa kanthawi.

"Sitikukwana, sala. Ndimasule umodzi?"

"Masula."

Anamasula, nawerenga milomo ikugwedera, n'kulemba 35 pabolodi. Leston anamubwezera kope lake, atatsegula tsamba latsopano. Koma inki yofiira ija inali italowerera papepala, ndipo ziro wadzulo ankaonekabe kuseri kwake.