Zimene a Mthombeni Sananene

A Davide anali akufunditsa TV chitenje chachiwiri pamene Busi, mwana wamkazi wa malemu, anatulukira pakhomo, akupuma wefuwefu. Chikepe cha m'fulatimo chinamwalira kalekale, mwini nyumba asanaganize n'komwe zomwalira, ndiye aliyense wobwera kudzalira maliro a a Frazer ankafika pamwambapo misozi itasanduka thukuta.

"Mwafika," anatero a Davide. Anayang'ana buluku limene Busi anavala, kenako anabwerera kuntchito yawo yokoka chitenje kuti ngakhale kanyali kofiira kapansi kasaoneke. "Pano ndi pamaliro. Zinthu ngati izi zimagona."

Palibe anawatsutsa. A Davide anali mng'ono wake wa malemu, ndipo chichokereni ku Mayfair m'mawa umenewo anali asanakhale pansi. Mwambo umati amuna akhale panja, koma ku Hillbrow, pakati pa Joni, panja kulibe, choncho amuna anandandalika m'kolido, pa mipando ndi pa makireti a zakumwa, n'kumapinda miyendo aneba akafuna kudutsa. M'nyumba munatsala amayi okhaokha pa mphasa, namfedwa mayi Elina pa matiresi pakona, ndi kampando kathabwa pafupi ndi TV. Kampando kameneko mayi Elina anakana kuti katuluke.

A Frazer anabwera ku Joni ali mnyamata, n'kukalamba akudula udzu ndi kuthirira maluwa a eni ake ku Randburg. Mwana anali naye mmodzi yekha, Busi, wobadwa kwa mayi wa ku Soweto amene anatsogola kale. Atapita kumudzi n'kubwerako ndi mayi Elina, Busi anakwiya mkwiyo uja wopanda phokoso. Anayamba wachepetsa kubwera, kenako n'kumangoimba foni pa Khirisimasi.

"Nkhani ili apa njaifupi," anatero a Davide ataima pakati pa chitseko kuti amve a m'nyumba ndi a m'kolido omwe. "Achimwene akupita kwawo ku Ntcheu, akagone pafupi ndi amayi awo. Galimoto tapeza kale."

"Mara baba omncane, bambo aang'ono, nanga ine?" anafunsa Busi. Chichewa chake chinkatsimphina, chikutsamira pa Chizulu. "Ine ku Malawi sindinafikeko. Ndikafuna kuwaona ndizipita kuti?"

"Ali moyo munkapita kuti?"

Busi anazyolika. Funsolo linamupweteka.

A Davide akanatha kungolamula, koma aMalawi a m'fulatimo anali atagwirizana kuti bokosi silikwera galimoto namfedwa asanavomere ndi pakamwa pake. Ndiye anatembenukira pakona. "Alamu, tamva mawu anu."

"Ndamva, alamu," anayankha mayi Elina.

Amenewo si mawu ovomera, komanso si okana. Zoona zake n'zakuti mayi Elina sankadziwa chimene amuna awo ankafuna, ndipo izi zinkawawawa kuposa imfayo. A Frazer anali munthu wosatha kulankhula nkhani ya mumtima molunjika. Ukawafunsa ngati ndiwo zakoma, ankakuuza za mtengo wa tomato. Ukawafunsa ngati amusowa Busi, ankadzuka n'kukayang'ana ngati mpopi wakubafa ukudontha.

Malo amodzi okha ndi pamene pakamwa pawo pankamasuka: pa kampando kaja. Madzulo aliwonse a pakati pa sabata, anthu akaweruka, m'nyumbamo munkadzaza aMalawi odzaonera sewero la banja la a Mthombeni. Sewerolo linali la m'Chizulu, ndipo timawu tachingerezi tapansi tinkathamanga ngati tikuthawa apolisi. A Frazer, amene Chizulu ankachimwa ngati madzi, ndiwo ankatanthauzira.

A Mthombeni anali ndi migodi, mahotela, ndege yawoyawo, ndi ana amene sankatha kumaliza chakudya wina asanaponye tambula kukhoma. Woonera aliyense ankakwiya monga mwa ntchito yake. Mayi Veronika, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba, tambula ikasweka ankakuwa kuti, "Nanga asese ndani pamenepo?" Petros, mlonda, udani wake unali pa mlonda wa pageti la a Mthombeni, amene ankalowetsa aliyense, ngakhale munthu woti wanyamula mfuti poyera. Mkulu wa banjalo anakhala akumwalira m'chipatala chiyambire nyengo yozizira, osamaliza. Mpaka a Frazer, amene sanadandaulepo ngakhale mutu, anagwa pakati pa maluwa ku Randburg n'kumupitirira.

Tsoka lake, mkuluyo nayenso anatsatira posakhalitsa, ndipo madzulo omwewo a maliro ndi pamene a Mthombeni ankaikidwa m'manda. Fulati yonse inkadziwa. Palibe anatchula.

Dzuwa litapendeka, mayi Veronika anayambitsa nyimbo, amayi n'kulandira bwinobwino. Ali pakati pa ndime yachiwiri, kuseri kwa khoma, kwa aneba a ku Zimbabwe, kunamveka malipenga otsegulira sewero. Nyimbo ya maliro inayamba kuwonda. Ena ankangoyendetsa milomo, khutu lili kukhoma. Mayi Veronika eni ake anabwereza mzere umodzi katatu osazindikira.

M'kolido, Petros anali atawerama kwambiri, nkhope ili m'buku la nyimbo. A Davide anamuloza monyadira. "Taonani mnyamata uyu. Achinyamata ena akanamapemphera chonchi, bwenzi ku Joni kuno kuli bwino."

"Eish, wabwera!" anakuwa Petros. Foni inagwa kuchoka m'bukumo, ikulankhula Chizulu.

Kenako mawu anachokera pakona paja.

"Alamu, vundukulani."

"Alamu! TV pamaliro? Akamva kumudzi atiyesa anthu otani?"

"Kumudzi sakumva. Kuno aliyense akumvera kukhoma ngati mbava. Eni nyumba ino sanaphonyepo tsiku ndi limodzi lomwe, ndipo satuluka m'nyumba muno mpaka titawaika. Vundukulani."

A Davide anachotsa zitenje zija ndi zala ziwiri, ngati munthu wokakamizidwa kugwira chonyansa. Amuna anayamba kulowa mmodzimmodzi, aliyense akuonetsa nkhope yoti wangobwera kudzaona ngati amayi ali bwino.

Pakanemapo panali magalimoto akuda ndi maambulera akuda. Munthu wina anayamba kulankhula, ndipo mitu yonse inatembenukira ku kampando kaja mwachizolowezi. Panalibe munthu. Apa m'pamene ambiri anamva imfa ya a Frazer kulowa m'mafupa, ndipo mayi wina anayamba kusisima.

"Busi, mwanangu," anatero mayi Elina, "iwe Chizulu n'chako. Tithandize."

Busi anasendera, koma anakhala pansi, pambali pa kampandoko.

Mtsikana wa chipewa chachikulu chakuda anatsika m'galimoto. Ameneyo anali Unathi, mwana wamkazi wa a Mthombeni, amene anachoka pakhomo atakangana ndi bambo ake.

"Uyo, mwana wanga!" anatero mayi Veronika atagwira pachifuwa. "Amangomuda chabe. Akuti chiyani?"

"Akuti wasangalala kuti mdala wafa," anatero Busi. "Akuti ndi iyeyo anazimitsa makina kuchipatala."

"Bodza!"

"Serious, mama. Chaka chatha anawathiranso poizoni mu tiyi."

"Amene aja anali mankhwala a shuga!" anakalipa Petros. "Iwe sisi, ukumva bwino Chizulu chimenechi?"

"Ndinabadwira ku Soweto, bhuti."

"Unathi amawakonda bambo ake," analimbikira mayi Veronika. "Kungoti ali ndi manyazi, akusowa pobwerera. Ndipo bambo akewo tsiku lililonse amanena kuti chitseko n'chosakhoma, abwere tsiku limene mtima wake wafuna."

"Ananena liti zimenezo?" anafunsa Busi.

"Kuyambira kalekale! A Frazer ankatiuza."

Busi anayang'ana kampando kopanda munthu kaja.

Sewero linabwerera m'mbuyo, kuonetsa a Mthombeni ali gone m'chipatala, mapaipi ali m'mphuno, akulankhula mawu awo otsiriza asanakomoke miyezi yapitayo. Gawo limenelo anthu a m'nyumbamo ankalidziwa ngati pemphero. Tsiku limene linaonetsedwa koyamba, ena anapita kwawo osadya.

"Apa usavutike, tikudziwa," anatero mayi Veronika, n'kuyamba kulakatula, ena akuthandizira. "Musandinyamule ulendo wautali, msana wanga watopa. Mundiike poti mwana wanga wamkazi azitha kufika ndi takisi imodzi. Mkazi wanga musamuvutitse. Ndiwo zake zimakoma, kungoti ine pakamwa panga m'polemera."

Pakanemapo a Mthombeni anali atatseka kale pakamwa, oonera akadali pa msana wotopa.

"Sanatero," anatero Busi motsitsa mawu.

"Nanga anati chiyani?"

"Anati mundiike m'bokosi lagolide, ndipo Unathi akabwera mumumasulire agalu."

"Basi?"

"Basi."

Anthu anayang'anana. Petros anakanda m'mutu. "Komadi, munthu wa ndege yakeyake, takisi angaidziwire kuti? Ine tsiku lija ndinadabwa."

"Iwe usatinamize," anatero mayi Veronika. "Unalira mpaka kumina pa yunifolomu."

Wina anaphulika kuseka m'kolido, ndipo kusekako kunalowa m'nyumba n'kugwira aliyense. Anaseka poganiza kuti zaka zonsezi akhala akupempherera mtsikana wothira poizoni mu tiyi. Anaseka a Mthombeni, chigawenga cha munthu, chimene ankachitchula pa maukwati ngati chitsanzo cha bambo wabwino. Mayi Elina anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo palibe anaona pamene kusekako kunasandukira kulira.

"Ine ndinkadziwa kuti amathirako mchere," anatero akupukuta m'maso. "Munthu pa TV alankhule mawu awiri, iwo mpaka nthawi ya malonda akadatanthauzirabe. Koma sindinkadziwa kuti ndiwo zonse zinali zawo."

A Davide okha ndiwo sanaseke. Anali ataima pomwe paja, zitenje zili m'manja. "Zimenezi ndi za sewero," anatero, koma mawu awo analibe mphamvu ya m'mawa ija.

"Za sewero zake ziti, poti mwamva nokha kuti m'seweromo mulibe?" anafunsa mayi Veronika. "Ndipo inu a Davide tsiku limenelo munali pompano. Munawomba m'manja. Munati munthu wanzeru amalankhula choncho."

A Davide anayang'ana kudenga, koma kudengako kunalibe wowathandiza. Anakhala pansi kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, pa mphasa ya amayi, osazindikira n'komwe.

"Achimwene amenewa," anatero. "Akanangondiuza ine mng'ono wawo."

"Akanakuuzani mukanawatsutsa, alamu," anatero mayi Elina. "Koma a Mthombeni akanawatsutsa ndani?"

Anakonza mpango wawo, n'kukhala tsonga. "Munafuna mawu anga. Galimoto ija muibweze. Agona konkuno."

Mawuwo sanali opepuka kwa iwo. Mumtima ankalakalaka atapita nawo kumudzi, kumene iwonso akanakhala pakati pa abale awo. Koma anali atamva tsopano, ndipo sakanachita ngati sanamve.

"Nanga kumudzi ndikanene kuti chiyani?" anafunsa a Davide.

"Mukanene kuti ananena okha, pamaso pa mboni zodzaza nyumba."

A Davide anapukusa mutu nthawi yaitali. Kenako anadzuka, n'kutulutsa foni m'thumba. Pakhomo anaima, nayang'ana Busi. "Manda ake mukasankhe ndinu, amene mukudziwa njira za matakisi," anatero, n'kutuluka.

Sewero linali lisanathe. Unathi anali ataima pamphepete pa dzenje, akuseka, akuzunguza makiyi a galimoto ya bambo ake pachala. Analankhula mawu angapo akuthwa, n'kuponya duwa pabokosi ngati akutaya chitsa cha fodya.

Mitu yonse inatembenukiranso ku kampando. Mayi Elina anatambasula dzanja, n'kukakankhira kwa Busi. Busi anakayang'ana kanthawi, kenako anadzuka n'kukhalapo. Kanali kotsetsereka pakati, pamene thabwa linadyeka ndi kukhalidwa.

"Akuti chiyani?" anafunsa mayi Elina.

Maso a Busi sanali pa TV.

"Akuti pepani, baba. Ndafika mochedwa. Ndinkasowa pobwerera."

Petros anatsegula pakamwa kuti atsutse, poti ngakhale iye ankaona kuti mtsikana wa pakanemayo sakupepesa munthu. Mayi Veronika anamuponda phazi.

Mayi Elina anatola chimodzi mwa zitenje zimene zinafunda TV zija, anachikutumula, n'kumufunditsa Busi pamaondo.

"Eya," anatero. "Inenso ndamva choncho. Pitiriza, mwanangu."